Kuseri kwa Mpanda Wathu

Pali funso limodzi limene munthu wokhala mu mzinda wa Lilongwe salephera kufunsidwa, kaya ndi pa maliro, kaya m'minibasi, kaya pa khomo la tchalitchi potuluka m'mapemphero. Funsolo ndi lakuti, "Kodi kwanu nkuti?" Ife takhala ku Kawale kuyambira m'chaka cha 1996, ana athu onse anayi anabadwira konkuno, ndipo mtengo wa mapeyala umene tinabzala ndi manja athu unapitirira denga kalekale, komabe wina akatifunsa timayankha mosazengereza kuti kwathu ndi ku Dowa. Tsiku lina tinamva mwana wathu wotsiriza akuuza mlendo kuti, "Kwathu ndi konkuno ku Kawale," ndipo tinamdzudzula monga ngati wanena bodza. Lero tiganiza kuti mwanayo ndiye ananena zoona. Nkhani imene tifuna kukusimbirani ndi ya m'mene tinafikira pa ganizo limeneli, mochedwa ndiponso mwa manyazi.

Achinyamata ambiri sadziwa kuti mzinda uno ndi wa dzulodzulo. Pa kalembera wa 1966 anthu a m'tauni ya Lilongwe sanakwane 20,000. Likulu la dziko linasamuka kuchoka ku Zomba m'chaka cha 1975, ndipo bungwe la Capital City Development Corporation, limene linapatsidwa ntchito yomanga mzinda watsopano, linagawa malo m'zigawo za manambala. Manambalawo sanatsate kuyandikana kwa malo ai. Area 23 ili cha kummwera, kupitirira Chilinde, pamene Area 25 ili kutali kumpoto, kufupi ndi mafakitale a fodya a ku Kanengo. Mlamu wathu wina wochokera kumudzi anatsikira ku Area 23 nafuna kuyenda pansi kukaona mwana wake ku Area 25, nati, "Poti ndi manambala awiri okha." Anthu anachita kumgwira dzanja ndi kumkweza minibasi yobwerera ku depoti.

M'madera monga Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Area 23 ndi Area 25, maganizo a omanga mzinda anali akuti munthu wopeza pang'ono apatsidwe puloti yoyezedwa bwino, ya pa mseu wake, ndipo iye adzimangire yekha nyumba monga mwa mphamvu zake. Anali maganizo abwino. Koma taonani manambala awa: m'chaka cha 1977 mzinda unali ndi anthu pafupifupi 99,000, ndipo pa kalembera wa 2018 anapezeka 989,318. Anthu anachuluka kakhumi, koma mapuloti sanachuluke kakhumi. Chifukwa chake puloti imene inayezedwera banja limodzi lero ili ndi nyumba yaikulu kutsogolo ndi mdadada wa zitseko zisanu kapena zisanu ndi zitatu kumbuyo, onsewo chimbudzi chimodzi ndi bafa imodzi. Amene sanapeze malo muno anapita ku Chinsapo, pa mseu wa ku Likuni, kapena ku Mgona, m'mphepete mwa Kanengo, kumene malo amapezeka kudzera kwa mafumu ndipo nyumba zinayamba kumangidwa mseu usanaganiziridwe.

Kadera kathu ndi kakang'ono ndithu. Ndi kamseu kamodzi ka fumbi kochoka pa mseu wa tara kutsetserekera ku mtsinje, mapuloti 14, asanu ndi awiri mbali ino, asanu ndi awiri mbali inayo. Koma pamene tinayenda khomo ndi khomo kusonkhetsa chipepeso cha maliro ena, tinawerenga zitseko 63. Muli Achewa anzathu a ku Dowa ndi ku Dedza, Angoni a ku Ntcheu, Atumbuka a ku Mzimba, Alomwe a ku Mulanje. Muli telala wachisilamu wa ku Mangochi amene puloti yake yayang'anizana ndi yathu, makaniko wina wogwira ntchito m'magalaja a ku Biwi Triangle, alonda, anyamata a kabaza, ndi amayi ogulitsa tomato ndi makala. Pa kona panali hokala ya bambo wina wochokera ku Burundi, kufikira m'mwezi wa Meyi 2023 pamene boma linabwezera othawa kwao ku msasa wa Dzaleka. Hokalayo inatsekedwa tsiku limodzi, ndipo kabuku kake ka ngongole kanapita naye. Alipo ena pakati pathu, akhristu ndithu, amene anakondwera mobisa kuti ngongole ya sopo ndi shuga yathera pomwepo.

Pamene tinagula puloti yathu m'chaka cha 2004, titatopa ndi lendi, mapuloti ambiri analibe mipanda. Ena anali ndi kampanda ka udzu kapena ka nkhadze, koma kanjira kanali kudutsa paliponse. Mayi wopita kukatunga madzi anali kudutsa pa bwalo pathu napereka moni. Wina anali kubwera kudzapala moto, wina kudzabwereka sefa, wina kudzapempha mchere pang'ono m'kapepala. Popeza nyumba yathu inali imodzi mwa zoyamba kulowa magetsi, ana a mayeso a Sitandade 8 anali kudzaza khonde lathu madzulo alionse ndi makope ao, ndipo ife tinali kutuluka ndi choko kukawathandiza masamu pa chitseko cha khitchini. Akuluakulu anali kubwera ndi makalata kuti tiwawerengere ndi mafomu kuti tiwalembere. Sitinena kuti unali moyo wa m'Edene. Miseche inalipo, nkhuku zinali kuyambanitsa anthu, ndipo munthu sukanaphika nyama anansi osadziwa. Koma mwana wodwala sakanagona masiku awiri anthu osamva.

Tsono m'chaka cha 2014, tsiku la Sabata, banja lonse lili ku tchalitchi, mbala zinathyola chitseko masanasana. Zinatenga wailesi ya kanema, mabulangete, jekete lathu lachiwiri, ndiponso makina osokera a mayi a kunyumba, amene anali kutithandiza kupeza fizi ya ana. Chimene chinatiwawa kuposa katunduyo ndi chakuti pa zitseko zonse zija panalibe mmodzi yemwe amene anavomera kuti anaona kanthu. Makina osokera si singano yakuti munthu nkubisa m'thumba. Tinapsa mtima, tinakongola ndalama, tinagula njerwa, ndipo pomatha miyezi itatu puloti yathu inali itazingidwa ndi mpanda wautali kuposa munthu, mabotolo osweka pamwamba, geti ya chitsulo kutsogolo. Bwalo lonse tinalipaka simenti kuti fumbi lithe. Mkulu wa mpingo mnzathu atatiseka kuti tamanga ndende, tinamyankha kuti ngakhale Nehemiya anamanga linga. Tinaiwala dala kuti linga la Nehemiya linazinga mudzi wonse, osati nyumba yake yokha.

Mmisiri amene anamanga mpandawo anali munthu wodziwa ntchito yake. Anatiuza kuti kale madzi a mvula ochokera kumtunda anali kuyenda momwazika pa bwalo pathu, ena nkumalowa pansi, koma tsopano adzatsata khoma kunja kwake, ndipo a padenga ndi a pa simenti adzatulukira pa bowo limodzi la kumunsi. Onsewo adzakumana pa ngodya ya kumbuyo. Anati pafunika kukumba ngalande ndi kuimangira, yotenga madziwo kukawataya ku ngalande ya mseu. Tinamuuza kuti ndalama zatha, tidzaona chaka chamawa. Kuseri kwa ngodya imeneyo kunali mdadada wa zidina wa puloti ya kumbuyo, umene mwini wake amakhala ku Area 25 ndipo amangobwera pakutha pa mwezi.

Tisakunamizeni, mpanda unatipatsa tulo. Zovala zinali kugona pa chingwe, njinga pa khonde. Anansi ena ataona anatsanzira, ndipo pomatha zaka zitatu mapuloti asanu ndi anayi mwa 14 aja anali ndi mipanda ya njerwa. Ife sitiweruza munthu womanga mpanda, pakuti umbava ulipodi, ndipo amene sanaberedwepo asafulumire kulalikira. Koma ana a Sitandade 8 aja analeka kubwera, chifukwa mwana sagogoda geti ya chitsulo ya mphunzitsi. Wopala moto anapita kwina. Alendi atsopano anali kulowa ndi kutuluka m'midadada ife osawaona nkhope. Mayi a kunyumba ananena tsiku lina akusenda mbatata kuti, "Masiku ano maliro a m'dera lino ndimamvera ku msika." Sitinawayankhe.

M'mwezi wa Disembala 2017 kunagwa mvula imene anthu a mbali ino ya mzinda sadzaiiwala. Mitsinje ing'onoing'ono inasefukira, nyumba zinagwa ku Kawale, ku Biwi, ku Chipasula ndi madera oyandikira, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Kwathu madzi sanalowe m'nyumba. Usiku umenewo, mvula ili kulindima pa malata, galu wathu anauwa kwambiri, ndipo tinamva ngati wina akumenya geti ndi mwala. Mayi a kunyumba anadzuka nati tikaone. Ife tinati, "Mbala zimakonda mvula yotere. Usiku uno sitsegulira munthu." Kugogodako kunapitirira pang'ono, kenaka kunaleka, ndipo tinagona.

M'mawa mwake tinamva kuti khoma la chipinda chakumapeto cha mdadada uja linagwa usiku. Madzi a pa ngodya yathu anafukula pansi pake, zidina zinasungunuka, khoma linagwera panja. Chikhala kuti linagwera m'kati, bwenzi tikusimba za maliro anayi. M'chipindamo munali mayi wina wamasiye wogulitsa mandasi ndi ana ake atatu. Ndiye amene anagogoda pa geti yathu, mwana kumbuyo, wina m'manja, popeza nyali yathu ya panja ndiyo yokha inali kuyaka. Atalephera anaoloka kamseu, ndipo telala wachisilamu uja, amene alibe mpanda, anawalowetsa, nawapatsa nsalu za makasitomala kuti afunde.

Nkhani inapita kwa mfumu ya dera. Owerenga a kumudzi adziwe kuti ngakhale m'tauni tili nao atsogoleri amene timawatcha mafumu. Ndiwo amalengeza maliro, kusonkhetsa chipepeso ndi kuweruza timilandu ta nkhuku ndi malire. Tinapita titavala jekete, mapepala a puloti m'manja. Tinafotokoza kuti mpanda uli m'kati mwa malire athu. Kuti mdadada uja unamangidwa ndi zidina popanda maziko, moyandikira malire kuposa m'mene ziyenera kukhalira. Ndi kuti ngalande ya mseu inali itatsekeka ndi zinyalala zimene alendi omwewo amataya. Zonsezi zinali zoona, ndipo tinazinena bwino, monga munthu wozolowera kuima pamaso pa kalasi. Mwini mdadada sanabwere, anangotumiza mau. Mayi uja atapatsidwa mpata ananena mau ochepa, ali chogwada: "Ine sindinabwere kudzalipiritsa munthu, bambo. Ndimati kapena aphunzitsi aone kumene madzi ao akupita, poti mvula sinathe." Amfumu anagamula kuti ife tilibe mlandu. Pobalalika, nduna yao ina yokalamba inatiyandikira niti chapansipansi, "Aphunzitsi, mapepala anu ali bwino. Koma madzi sadziwa kuwerenga." Tinaseka nayo, ndipo tinabwerera kunyumba titapambana.

Sukulu itatsegulidwa mu Januwale, tinali kuitanitsa mabuku a sukulu amene tinabwereka ana a Sitandade 5 kuti akawerenge pa tchuthi. Kuyambira pamene maphunziro a pulaimale anakhala aulere m'chaka cha 1994, makalasi a m'tauni muno ndi odzaza, ndipo chaka chimenecho tinali ndi ana opitirira 100. Mphunzitsi amadziwa maina a anzeru kwambiri ndi a opulupudza kwambiri. Apakatiwa amangokhala nkhope. Mnyamata wina wa apakatiwa anaimirira wopanda buku, ndipo makope ake onse anali atsopano, atatu okha. Tinamfunsa kumene kuli buku, iye anangoti, "Linanyowa, sala." Tinamkalipira pamaso pa anzake za kusasamala, ndi kumuuza kuti mawa abwere ndi kholo. Pamenepo kamtsikana kena ka kutsogolo, kosadziwa kubisa mau, kanati, "Sala, ameneyu ndi wa nyumba inagwa ija. Amakhala kuseri kwa mpanda wanu."

Abale, takhala tikuphunzitsa zaka zambiri, koma sitikumbukira tsiku lina limene choko chinatilemera m'manja monga tsiku limenelo. Mwanayo anali kugona mamita osakwana asanu kuchokera pa mutu wa bedi lathu. Anali m'kalasi mwathu kuyambira Seputembala. M'mawa uliwonse tinali kuyenda mseu umodzi kupita ku sukulu imodzi. Iye anali kutidziwa bwino lomwe, ndipo anadziwa geti imene anaima pa iyo mu mvula, ife sitinamdziwe.

Nthawi ya Mgonero wa Ambuye inali pafupi. Monga mudziwa, masiku amenewo ife akulu a mpingo timayendera akhristu a m'milaga yathu, ndipo funso limene timakonda kufunsa ndi lakuti ngati pali munthu amene sakumvana naye. Tinalifunsa m'nyumba zisanu ndi ziwiri, ndipo m'nyumba iliyonse linali kutibwerera. Ambuye pa Mateyu 5 sanena za iwe amene uli ndi chifukwa ndi mbale wako; anena za mbale wako amene ali ndi chifukwa ndi iwe, ndipo alamula kuti mphatso idikire, uyambe wapita kwa iye. Tinakumbukiranso lamulo la pa Deuteronomo 22, lonena kuti womanga nyumba yatsopano aike kampanda pa tsindwi kuti munthu angagwe, mwazi wake nkukhala pa nyumbayo. Tinali kuliyesa lamulo la anthu a kutali a matsindwi afulati. Koma mtima wake ndi wakuti m'mene munthu wamangira nyumba yake ndi nkhani ya moyo wa mnzake, ndipo Mulungu amafunsa zimene mapepala a puloti safunsa.

Tinapita ndi mayi a kunyumba Lachisanu madzulo. Kuti tifike pa khomo la munthu wokhala kuseri kwa khoma lathu, tinatuluka pa geti, kukwera kamseu konse, kukhota pa hokala, ndi kutsika ndi kanjira kena ka matope. Tinampeza akukanda ufa wa mandasi m'chipinda cha mnzake chimene anali kubisalamo. Si chapafupi kuti mwamuna wa imvi, mphunzitsi, mkulu wa mpingo, apepese kwa mayi wa msinkhu wa mlongo wake wamng'ono, alendi onse akusuzumira m'zitseko. Tinayamba ndi mau ozungulira a za mvula ya chaka chino, kufikira mayi a kunyumba anatiponda phazi. Pamenepo tinanena poyera kuti madzi anali athu, kuti mmisiri anatichenjeza, ndi kuti kugogoda kuja tinakumva. Mau otsirizawa ndiwo anali ovuta kutuluka. Mayiyo anakhala chete nthawi yaitali, maso pansi, kenaka anati, "Ndinadziwa kuti munamva, bambo, chifukwa nyali ya kuchipinda inayaka kenaka nkuzima. Zinachitika. Pitani bwino." Sanatipatse mpando, ndipo sitimuimba mlandu.

Tinagula njerwa zootcha ndi matumba a simenti, khoma lija linamangidwanso, ngakhale kuti phindu lake lenileni linapita kwa mwini mdadada, amene sanaponyepo ngakhale tambala. Buku la sukulu tinalipira tokha. Tinaitananso mmisiri uja, amene sanatikumbutse mau ake akale ngakhale anali ndi ufulu wotero. Anamanga ngalande, ndiponso tinampempha kuti aboole mpanda wa kumbuyo ndi kuikapo kachitseko ka matabwa.

Koma ngalande ya puloti imodzi ilibe ntchito ngati ya mseu ili yotsekeka, ndipo apa ndi pamene tinaona nthenda yeniyeni ya kadera kathu. Titapempha amfumu kuti alengeze tsiku lokumba, pa zitseko 63 panabwera anthu 11. Alendi anati, "Ife ndi odutsa, mwezi wamawa tikhoza kusamuka, akumbe eni mapuloti." Eni mapuloti ena anali ku Area 25, ena ku Johannesburg, ndipo amene analipo anati, "Ntchito imeneyo ndi ya akhonsolo." Wina wogwira ntchito m'boma anatiuza kuti iye akumanga kwao ku Mzimba, kuno angogonako. Tinapsa nao mtima, kufikira tinakumbukira yankho lathu lija la ku Dowa. Tonsefe tili ngati anthu a pa depoti, aliyense wakhalira katundu wake kudikira basi, ndipo palibe amene amasesa pa depoti. Komatu basi imeneyi ena aidikira zaka 40, ndipo ambiri anaikidwa m'manda a konkuno isanabwere. Mneneri Yeremiya, pa mutu 29, analembera anthu a mtima womwewu ku Babulo, amene anali kuyembekeza kubwerera kwao msanga. Anawauza kuti amange, alime, akwatitse ana, ndi kufunira zabwino mudzi wa ukapolo wao, popeza mtendere wao unali womangirizika ku mtendere wa mudziwo. Ngati mau otere anayenera akapolo m'dziko la adani, nanga ife okhala m'likulu la dziko lathu lomwe?

Anthu 11 aja tinakumba. Zimene tinatulutsa m'ngalandemo sitingazilembe zonse m'magazini ya mpingo: majumbo osawerengeka, matewera a ana, mabotolo, nsapato, mphasa zakutha. Chaka chotsatira tinali 19. Sizinapitirire pamenepo kwenikweni, ndipo chaka china tinabwerera pa 12.

Kachitseko kaja nakonso sikanabweretse zokoma zokhazokha. Ana anayambanso kubwera pa khonde, ndipo mayi a kunyumba anapezanso obwereka sefa. Koma m'chaka cha 2021 nkhuku zathu zinayi zinatulukira pomwepo usiku umodzi, ndipo mwana wathu wamkulu anati tikhomepo njerwa, tileke chibwana. Tinakambirana masiku angapo. Tinagwirizana kuti kazitsekedwa ndi loko nthawi ya 9 koloko usiku, koma kiyi wachiwiri azikhala ndi mayi wa mandasi uja. Anakana kawiri, kachitatu analandira.

Chimene chinatiphunzitsa kwambiri ndi mliri wa kolera umene unayamba m'chaka cha 2022 ndi kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mu Januwale 2023 sukulu za mu mzinda wa Lilongwe ndi wa Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri, ndipo ife tinali pakhomo. Pamenepo tinaona ndi maso kuti chimbudzi cha mnansi chikasefukira, ntchentche sizifunsa kuti mpanda ndi wa yani. M'mdadada wina wa kumunsi munali mnyamata wa kabaza wokhala yekha. Anadwala usiku, anzake anamtengera ku chipatala m'mawa mochedwa, ndipo madzulo anali atatisiya. A zaumoyo ndiwo anali kuika maliro otere, mofulumira, ndipo anafuna dzina lake lenileni ndi abale ake. Tonse tinali kumdziwa ndi dzina la pa siteji. Mwini nyumba anali kudziwa lendi yokha. Foni yake inali yokhoma. Amene anatipulumutsa ndi mayi wa mandasi, popeza mnyamatayo anali kudya mandasi a ngongole m'mawa uliwonse, ndipo pocheza anamuuza mudzi wa kwao ku Phalombe ndi msika umene mkulu wake amagulitsako kaunjika.

Mkulu wakeyo atafika, maliro anali ataikidwa kale. Mu mlaga mwathu munabuka kafunso ngati tiyenera kupitako, popeza malemuyo sanali wa mpingo wathu, ndipo sitinadziwe ngati anali kupemphera kwina kulikonse. Amayi a Chigwirizano sanadikire kuti abambo timalize kukambirana. Anatenga nsalu zao napita kukakhala pansi ndi mlendoyo, ndipo ife tinawatsata pambuyo. Kuchokera pa maliro amenewo, amfumu ali ndi kope limene aliyense wolowa m'kadera kathu amalembamo dzina lake, mudzi, mfumu ya kwao ndi nambala ya foni ya mbale mmodzi. Ena amakana, poganiza kuti ndi za ndale kapena za msonkho. Kope loyamba tinagula ndi ife, ndipo mizere yake tinajambula ndi rula ya ku sukulu.

Kwa akulu a mpingo anzathu tifuna kunena ichi: milaga yathu ya m'tauni imadziwa kuwerenga akhristu, koma siidziwa kuwerenga anansi. Timadumpha zitseko zisanu kuti tikagogode chachisanu ndi chimodzi chimene muli wa khadi la mpingo, ndipo potuluka timadumphanso zisanu zija osapereka ndi moni womwe. Kumudzi zimenezi sizioneka, chifukwa mudzi wonse ndi abale. Kuno mnansi ndi munthu amene sunamsankhe, wa chilankhulo china, kapena wopembedza Lachisanu. Ndipo ndi iyeyo amene adzayamba kumva kukuwa kwa m'nyumba mwako, abale a ku Dowa asanapeze ndalama ya basi. Makolo akale anati mnzako akapsa ndevu mzimire. Sananene kuti uyambe wamfunsa kumene amapemphera.

Inu achinyamata, amene mumati kwanu ndi ku Kawale, ku Chinsapo kapena ku Mgona, sitidzakudzudzulaninso. Koma tikufunsani pang'ono. Gulu la pa WhatsApp limene munatsegulira kadera kathu lathandiza, ndipo uthenga wa maliro kapena wa mwana wosowa umafika msanga kuposa mluzu wa amfumu. Komabe pa tsiku lokumba ngalande ambiri a inu mumatumiza chithunzi cha chala chachikulu, ndipo khasu limagwiridwa ndi ife a misana yowawa. Ngati kuno ndi kwanu, monga munenera, ngalandeyo ndi yanunso kuposa ife.

Zaka zathu zopumira ntchito zayandikira, ndipo abale a ku Dowa afunsa kawirikawiri kuti tidzayamba liti kuumba njerwa kumudzi. Sitinawayankhe bwino. Mayi a kunyumba akuti iwo sangasiye anzao a Chigwirizano ndi chipatala chapafupi. Ife mtima wina ukumbukira munda wa atate ndi manda a makolo. Mayi wa mandasi uja anasamukira ku Chinsapo chaka chatha, lendi itakwera kawiri m'chaka chimodzi pa chipinda chimene ife tinamangira khoma. Mwana wake uja anafika ku sekondale, ndipo amatipatsa moni mwaulemu tikakumana, ngakhale sanazolowere kutiyang'ana m'maso. Posamuka mayiyo anabwera kudzabweza kiyi, atammanga pa kansalu.

M'chipinda muja mwalowa banja laling'ono la ku Ntchisi, mwamuna ndi mlonda, mkazi ali ndi pakati. Tinapita kukawalonjera tsiku lomwe anatsitsa katundu, ndipo maina ao tinawalemba kuseri kwa kalendala. Za kiyi sitinawauze, tiyambe taonana nao pang'ono. Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Dzalanyama, ndipo amfumu alengeza kuti Loweruka likudzali ndi la ngalande. Wilibala yathu ili kwa atelala kuyambira mwezi watha. Tikaitenge madzulo ano, tione ngati tayala lake likadali ndi mpweya.